Asiyatu Sindinasiye

Pamaliro a amayi aakulu a Edesi mwezi wathawu, bokosi linatsala pang'ono kutsekulidwa kachiwiri. Nkhope tinali titaona kale, chivundikiro atakhomera, akumpingo atayamba nyimbo yonyamukira. Woyendetsa mwambo anali bambo wa ku Malosa amene sankatidziwa bwinobwino, ndipo wina anamupatsa kapepala ka mayina a ife oti tinyamule nkhata. Bamboyo anakonza pakhosi n'kuwerenga dzina loyamba mokweza: "Tsekulani!"

Adzukulu awiri amene anaima kumutu kwa bokosi anayang'anana. Mmodzi anawerama ndi hamala yake n'kuyamba kuzula msomali. Mng'ono wanga Tsekulani, mwini dzinalo, anachita kudumpha miyendo ya anthu kuti akamugwire dzanja. Wowerenga uja ataona kuti zasokonekera anathamangira dzina lachiwiri: "Bwezani!" Mdzukulu uja anabwezeradi msomali pamalo pake, n'kuukhoma kawiri.

Bwezani ndine. Ndinapita kukatenga nkhata yanga misozi ili m'maso, koma ndisaname, ina inali ya phwete. Amayi ambiri anabisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedezeka, moti alendo ankangoti koma anthuwa maliro awakhudza. Eni malirowo akanakhala kuti akuona, akanatikalipira tonse chifukwa choseka, kenaka akanandikokera pambali n'kufunsa ngati Abiti Saidi anamva nawo.

A Edesi anali akulu awo a mayi athu, oyamba kubadwa m'mimba mwa agogo. Malo onse a mbumba yathu kuno ku Domasi, kuyambira pamitengo ya mango mpaka kudambo kumene timalima mpunga, mwini mawu anali iwo. Anali aafupi, owonda, koma mawu awo ankawoloka mtsinje. Akakwiya kwambiri ankasiya Chichewa n'kulowa Chilomwe cha makolo awo amene anachokera ku Mozambiki, ndipo ife osachimva tinkangodziwa kuti lero kusewera n'kutali. Amuna awo anamwalira ine ndisanabadwe, ndipo sanakwatiwenso. Ankati ukwati uli ngati chikuku, umadwala kamodzi basi. Ana awoawo analibe.

Koma mwana aliyense wobadwa pakhomo pathu, mchombo ukangogwa n'kutuluka m'chikuta, womutcha dzina anali iwo. Palibe anawapatsa udindowu. Ankangofika m'mawa, ambulera yakuda m'khwapa ngakhale kunja kuli ngwee, thadzi lomanga miyendo m'manja, poti wotcha dzina safika chimanjamanja. Ankalandira khandalo, kuliyang'ana nkhope nthawi yaitali ngati akuwerenga kalata, kenaka n'kutembenuza khosi pang'onopang'ono kuyang'ana kutsidya kwa njira. Tikaona khosi latembenukira kumeneko, tinkadziwa kuti mwanayo wagwa m'mlandu.

Kutsidya kwa njirako n'kwa Abiti Saidi, mayi wachisilamu wa msinkhu umodzi ndi a Edesi. Anakulira limodzi, ankatunga pachitsime chimodzi, ndipo minda yawo ya mpunga ndi yogundana, yomwera ngalande imodzi. Chimene chinayambitsa mkangano wawo palibe akuchikumbuka. Ine ndinaupeza uli ndi ndevu kale.

Chaka chimene ndinabadwa, Abiti anabwereka lichero la a Edesi nthawi yokolola. A Edesi ankati silinabwerere. Abiti ankati lichero lake liti, limene ali nalo ndi lawo kuyambira kale. Ine ndinatuluka m'chikuta nkhani ili m'kamwam'kamwa, ndiye ndinasanduka chisamani. Wondiponda pamutu anabadwa mbuzi za Abiti zitangodya nazale ya mpunga, iyeyo ndi Mangani. Tsekulani ndi wa chaka cha ng'amba, pamene ana a Abiti anatseka ngalande ndi matope kuti madzi ayambe akhuta kwawo. Mzime wathu, mtsikana yekhayo, anabwera a Edesi atangouzidwa zimene Abiti anayankhula kuchigayo, ndipo dzina lake ndi Ndamva.

Dzuwa likapendeka ankaima pakhonde pawo, manja m'chiuno, nkhope kutsidya.

"Bwezani! Bwezaniii! Mangani! Tsekulaniii! Ndamva!"

Nthawi zambiri ife tinkakhala tili pomwepo, tikutongola chimanga pamapazi awo.

"Amayi, tili panotu."

"Khalani chete inu. Sindikuitana inu."

Ankakonda kunena kuti dzina losabaya munthu ndi dzina lotayika. Ansembe ena achinyamata anayesapo kuwakonza tsiku la ubatizo. Anawawerengera mayina abwinoabwino a m'buku kuti asankhepo, ndipo pa dzina lililonse a Edesi ankafunsa funso limodzi lomwelo, kuti limeneli likunena ndani. Ansembe atati silikunena munthu aliyense, iwo anati ndiye lisungeni m'bukumo, lisamavutike n'kuyenda. Mayina aubatizo tili nawo tonse, koma ali ngati jekete la pa ukwati, timangodziwa kuti lilipo m'sutikesi. Atsikana a masiku ano atayamba kusankha mayina pa foni, a Feva ndi a Pureshasi, a Edesi ankati amenewo ndi mayina a sopo ndi mafuta odzola. Ankakana kuwatchula, mwana wotero ankangomuti iwe.

Tisawanamizire, sikuti ankatcha dzina n'kuiwala mwini wake. Thadzi limene ankabweretsa lija ankalilondola mpaka zidzukulu zake, ndipo tsoka kwa bambo amene angaphe nkhuku ya mwana chifukwa cha alendo ake. Mwana amene anamutcha akatentha thupi, ankamulanda kwa mayi ake, kumubereka kumbuyo, ulendo wa kuchipatala wapansi. Njinga ya kabaza ankaikana, ankati sangakhale kumbuyo kwa mwamuna wa eni ake n'kumamugwira malaya. Ineyo msana umenewo ndinaukwera mpaka miyendo yanga itayamba kukhudza pansi.

Komanso mayina awo ankagwira ntchito, ndipo apa ndi pamene tinkawaopera. M'bale wathu wina bambo ake anali mkamwini wokonda kachasu, wosadziwa kumene khasu limagona. Mwanayo a Edesi anamutcha Chokani. Bamboyo anapirira miyezi itatu akumva dzinalo m'mawa ndi madzulo, kenaka anakulunga bulangete lake n'kukakwera minibasi ya ku Liwonde. Sanabwerenso. Chokani anakulira m'nyumba ya a Edesi, ndipo yunifolomu yake yoyamba anasoketsa ndi iwo.

Chimene chinkawawawa moyo wawo wonse n'chakuti Abiti sankayankha. Ana ndi zidzukulu za kutsidya zinali a Yusufu, a Mariamu, a Hamisi, mayina oti a Edesi ankawatembenuza uku ndi uku osapezamo minga. Sankakhulupirira kuti munthu angatukwanidwe zaka zonsezo n'kungokhala. Ankati anthu amenewa akuyankha ndithu, koma akubisa m'Chiarabu kuti ife tisamve, ndipo tsiku lina adzawagwira.

Ndiye taganizani mmene zinakhalira Ndamva atabwera kudzanena kuti wapeza banja, ndipo mnyamata wake ndi Yusufu, mzime wa Abiti Saidi, amene amachita geni ya mpunga pa Songani. A Edesi anakhala masiku awiri akuyankhula Chilomwe chokhachokha. Koma Yusufu ndi munthu wovuta kudana naye. Ankafika ndi kapaketi ka shuga, kukhala pansi osati pampando, kuyankha zonse ndi "ee, amayi." Anawakonzera denga, anawasulira khasu. Pomaliza anamuloza malo omangapo nyumba kuseri kwa mango, ndipo ankhoswe a mbali zonse anagwirizana kuti mwana woyamba adzatchedwa ndi akuchimuna, monga zimakhalira. Ine monga mlongo wake wamkulu wa Ndamva ndinalipo, ndipo ndinawamva a Edesi akuvomera ndi pakamwa pawo. Mwina ankaganiza kuti tsikulo silidzafika.

Linafika zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Chinalinso chaka chimene mawondo anawakana a Edesi. Kwa nthawi yoyamba chibadwire sanatsikire kudambo kukawokera mpunga, ndipo munda wawo anaupereka kwa Ndamva. Sankafuna kuti nkhaniyi itchulidwe. Munthu akawafunsa ankati akupumitsa khasu.

Mwana anabadwa wamkazi. Tsiku lachisanu ndi chiwiri akuchimuna anapha mbuzi, anaphika mpunga, anaitana shehe ndi mudzi wonse. A Edesi anabwera ndi thadzi lawo ngakhale sanali otcha, ndipo monga akuluakulu anawaikira chiwindi. Anali atadya theka pamene shehe anamaliza mapemphero n'kulengeza kuti dzina la mwanayu ndi Asiyatu.

Dzanja la a Edesi linaima pakati pa mbale ndi pakamwa.

"Ati ndani?" anandifunsa.

"Asiyatu, amayi."

"Asiya-tu," anabwereza, akulidula pakati ngati nzimbe. "Asiyatu. Eya. Lero ndawagwira."

Anaika chiwindi chija m'mbale, anasamba m'manja, anatola thadzi lawo n'kumapita, anthu onse akuwayang'ana. Ndinawapeza pakhonde akupuma mofulumira.

"Wamva wekha, Bwezani. A Edesi asiyatu. Kulima asiyatu, kutcha ana asiyatu, atsala n'kusiya kupuma. Zaka zonsezi mkazi uja amadikira kuti mawondo anga afe, ndiye wabwera kudzandiimbira m'nyumba mwanga momwe, pakamwa pa mdzukulu wanga."

"Amayi, limenelo ndi dzina lachisilamu. Alipo ambiri a Asiyatu, ngakhale pa Songani pomwepa. Ndi Chiarabu."

"Chiarabu chake chiti chomveka Chichewa chonchi? Iwe sukulu inakupweteka."

Ndinati tiitane shehe adzafotokoze. Anati shehe wadya mbuzi ya anthu omwewo. Kenaka ananena mawu amene ndinkawaopa: dzinalo likapanda kuchoka pofika Lachisanu, mkamwini anyamule bulangete lake awoloke njira, akatche mayina kwawo. Pamalo pawo sipadzakhala mwana woti aziwanyoza nthawi iliyonse akaitanidwa kudzasamba.

Sitinaseke, poti tonse tinkakumbuka bambo a Chokani. Ndamva, mwana wa sabata imodzi pabere, ankangolira. Yusufu anapita kwa mayi ake kukapempha kuti mwina asinthe, ndipo anabwerako mutu uli pansi. Abiti anamuuza kuti dzina latchulidwa pamaso pa Mulungu, mbuzi yadyedwa, ndipo ngati a Edesi akufuna lisinthe ayambe abweza chiwindi. Lachinayi m'mawa ndinamuona mlamu wangayo akupukuta njinga yake n'kumangirira chingwe pakaliyala, nkhope ngati wadya mandimu. Mtima unandiwawa, chifukwa banja labwino linali kutha pa nkhani ya zilembo zisanu ndi ziwiri.

M'mawa womwewo a Edesi anatuluka atavala chitenje cha kutchalitchi, ambulera ikugwira ntchito ya ndodo. Anati akupita kukamva kwa mwini wake. Chibadwire changa ndinali ndisanawaonepo akuwoloka njira imeneyo. Ndinawatsatira, kuopa kuti mwina pafunika wonyamula wina.

Tinawapeza Abiti akuyanika mpunga pamkeka. Sanadzuke.

"Chemwali, mwasochera?"

"Sindinasochere. Ndabwera kuti mundiuze pamaso. Ndasiya chiyani ine?"

"Ine ndidziwa bwanji zimene mwasiya? Mwina nzeru."

"Dzina lija mwapatsa mwana. Mukunena ine."

Abiti anasiya kusalaza mpunga. Anawayang'ana a Edesi kuyambira kumapazi mpaka kumpango, n'kuseka kamodzi kokha, kuseka kopanda mano.

"Inu a Edesi, mukuona ngati dziko lonse limadzuka m'mawa kuganiza za inu? Limenelo ndi dzina la mayi anga."

"Bodza! Mayi anu ndinkawadziwa ine. Anali Abiti Mdala."

"Mdala anali bambo awo. Ifetu mkazi akakula timamuitanira dzina la bambo ake, lakelo limakhala m'nyumba. Inu mumayesa Abiti ndi dzina? Mayi anga anali Asiyatu."

Ndinaona kuti a Edesi akuwerengera zaka zonse zimene akhala akukangana ndi munthu amene dzina lake salidziwa.

"Ndiye inuyo lanu ndi ndani?"

"Ndikuuzeni kuti mukatche mbuzi?"

Ndinaluma mlomo kuti ndisaphulike. Koma Abiti sanapitirize nthabwala. Anatsitsa mawu, maso ali pampunga.

"Mwawaiwala mayi anga, chemwali? Sindiwo anakuchizani kawiri konse? Usiku ndi usana anali m'nyumba mwanu. Ana anu awiri aja atapita asanatuluke m'chikuta, anawasambitsa ndani? Anawanyamula ndani kupita nawo kumsitu, amuna onse atakhala kunja? Ine ndinali kumbuyo kwawo ndi khasu. Munalibe ndi mpata wowatcha dzina lomwe. Ndiye lero mukuti dzina la mayi anga ndi chitonzo?"

Ine nkhani imeneyi ndinali ndisanaimvepo. Pakhomo pathu tinkangoti amayi aakulu analibe ana, basi. Ndinachita manyazi kuti ndaima pamenepo ndi makutu anga, ndipo ndinayang'ana nkhuku zimene zinkazembera mpunga. A Edesi anakhala pansi, pamphepete pa mkeka wa mdani wawo, mawondo akulira. Kwa kanthawi anangotola timiyala mumpungamo n'kumataya kumbali, Abiti nawonso chimodzimodzi.

"Anali ndi manja ofewa mayi aja," anatero a Edesi pomaliza.

"Anali nawo."

"Dzinalo likhale. Mkamwini akhale."

Ndinapuma. Koma amene akuganiza kuti nkhani inathera pamenepo sanawadziwe amayi aakulu. Anagwira ambulera, anadzikoka mpaka kuimirira, anakonza chitenje.

"Komatu anthu odutsa m'njira sadziwa za mayi anu. Akamva Asiyatu aziti a Edesi agonja. Ndiye ine ndiwonjezerapo langa, liziyenda pambuyo pa lanulo. Mwanayo ndi Sindinasiye."

"Mwana wa mwana wanga? Dzina ngati mlandu wa kubwalo?" Abiti anamenya mkeka ndi chikhatho. "Walahi, pakamwa panga sipadzatuluka dzina limenelo mpaka ndidzalowe m'manda!"

"Palibe wakupemphani. Pakamwa ndili napo panga."

Madzulo ake thadzi lija linabwerera kwa Ndamva, ndipo Yusufu anamasula chingwe pakaliyala. M'buku la kusikelo analemba mayina onse awiri, moti mlangizi wa zaumoyo akamaitana "Asiyatu Sindinasiye" amayi pamzere ankayang'anana kuti akukanganawo ndani. Mwanayo anakula akudziwa kuti kwa aliyense ndi Asiyatu, koma akaponda khonde la a Edesi ndi Sindinasiye, ndipo ankavomera onse awiri mosavuta. Ndi iye yekha amene ankaloledwa kupisa dzanja m'chitini chawo cha shuga. Amayi awiriwo anapitiriza kukangana monga kale, za madzi, za nkhuku, za utsi wa zinyalala. Kusiyana kwake kunali kwakuti tsopano ankakangana atakhala pansi, mwana akusewera pakati pawo.

A Edesi anadwala sabata ziwiri zokha. Anakana kugonekedwa kuchipatala, anati kumeneko anthu amaitanidwa ndi nambala ya bedi.

Nyumba yawo ili chotseka tsopano. Pakhonde, pafupi ndi mzati wa kumanja, dothi linakumbika pang'ono pamene ankakhala, ndipo nkhuku zayamba kusambapo fumbi. Mkazi wa Tsekulani ali ndi pakati, ndipo dzina asankha kale pa foni. Palibe amene wakwiya nalo, palibenso amene akulikumbuka akauzidwa. Madzulo pamudzi pamakhala bata loti mpaka umamva minibasi zikuitanira kumsewu. Sindinkadziwa kuti bata limatopetsa chonchi.

Dzana ndikuchokera kudambo ndinapeza Abiti Saidi atakhala pakhondepo, osati pokumbika paja, koma pambali pake. Amayenda ndi ndodo masiku ano, ndipo kuwoloka njira kumawatengera nthawi. Anali atamukhazika Asiyatu pakati pa miyendo yawo, akumuluka tsitsi. Mwanayo ankagwedezagwedeza mutu, maso ali pa anzake amene ankasewera fulaye.

"Khala bwino," anatero Abiti. Mwana osamva. Anamukoka tsitsi pang'ono. "Ndati khala bwino, Sindinasiye."

Mwana anaumiratu thupi. Ine ndinaima ndi khasu paphewa. Abiti anandiona, nkhope yawo osasintha.

"Mukuyang'ana chiyani, Che Bwezani? Ndikunena za ine. A Edesi aganiza kuti poti agona ndiye kuti nkhani yatha?"

Ananena mokweza, kuposa mmene mtunda wa pakati pa iwo ndi ine unkafunira. Kenaka zala zawo zinaima m'tsitsi la mwana, khutu atalozetsa kuchitseko, n'kudikira. M'nyumbamo munali zii.